Tilembe Mbiri ya Makolo Athu



Tsopano mukutha kulemba dzina lanu. Mukutha kuwerenga kalata nokha, ndiponso kuwerengera ndalama za fodya popanda wina wokuthandizani. Kabuku kano kakubweretserani ntchito ina imene cholembera chanu chingagwire. Ntchitoyo ndi kulemba mbiri ya banja lanu.

Tiyambe ndi funso. Amayi awo a agogo anu aakazi, dzina lawo linali ndani? Adabadwira mudzi uti? Funso limeneli ndidalifunsa m'makalasi angapo kuno ku Mtunthama. Ambiri adangoyang'anana. Ena adati, "Zimenezo akudziwa ndi amalume." Chabwino. Nanga amalumewo akadzatisiya, tidzafunsa yani?

Inenso ndidachedwa. Agogo anga aamuna adapita kukagwira ntchito ku Southern Rhodesia, kumene lero timati ku Zimbabwe, amayi anga ali kumsana. Sadabwerenso. Agogo aakazi ankadziwa dzina la pulazi imene adafikira, ndi dzina la mnzawo amene adapita naye. Ine ndinkangoti ndidzawafunsa mawa. Ndidaphunzira uphunzitsi, ndidadzaza makope ambiri ndi zinthu zina, koma mawu a agogo sindidalembe. Adamwalira mu 2006. Lero ngati kumeneko kuli abale a amayi anga, tikhoza kukumana pamsewu osadziwana. Inu musachite monga ndidachitira ine.

PHINDU LAKE NCHIYANI?

Choyamba ndi malo. Kuno ku Kasungu malo achepa, ndipo milandu ya minda ndi madimba siikutha pabwalo. Mfumu imafunsa kuti, "Munda umenewu adayamba kuswa mphanje ndani? Adampatsa ndani? Panali yani?" Mu 2016 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo lolola anthu kulembetsa malo a makolo awo. Banja lodziwa bwino mbiri ya munda wake siliyankhula mododoma. Kope lanu si chiphaso cha malo ayi, koma likukumbutsani maina a mboni ndi zaka.

Chachiwiri ndi ufumu. Mfumu ikamwalira, mbumba imakhala pansi kuwerenga mabele, lalikulu ndi laling'ono. Pamene mabele aiwalika, pamabuka mkangano.

Chachitatu ndi ukwati. Achinyamata amakumana kusukulu, kumsika kapena m'tauni. Ankhoswe ayenera kudziwa ngati awiriwo ali pachibale.

Chachinayi ndi zaka zobadwa. Mu 2017, pamene boma linkalemba anthu kuti alandire chiphaso cha unzika, okalamba ambiri adavutika kutchula chaka chimene adabadwa.

Chachisanu ndi abale otayika. Paja akuluakulu adati chibale ndi fupa, sichiola. Koma fupalo silingakuthandize ngati sudziwa pamene lili.

ZOLEMBEDWA NZOCHEPA

Musadabwe mukapeza kuti kulibe pepala losonyeza tsiku limene agogo anu adabadwa. Lamulo la atsamunda la 1904 linkakakamiza azungu ndi amwenye kulembetsa ana awo. Ife anthu akuda silinkatikakamiza. Lamulo loti mwana aliyense wobadwa m'Malawi alembetsedwe lidayamba kugwira ntchito mu 2015.

Chitsanzo tili nacho pompano. Dr. Hastings Kamuzu Banda, mtsogoleri woyamba wa dziko lino, adayamba sukulu kuno ku Mtunthama, pansi pa mtengo wa kachere. Pobadwa iye, panalibe wolemba tsiku. Mu ulamuliro wake boma linkati adabadwa pa 14 May 1906. Koma olemba mbiri ambiri amati adabadwa cha m'ma 1898, ndipo atamwalira ku Johannesburg pa 25 November 1997, achipatala adati anali ndi zaka 99.

Tiyeni tiwerengere tokha. Kamuzu adachoka kuno wapansi cha m'ma 1915, ataphunzira kale ku Chilanga, nakafika ku Hartley. Chotsani 1906 pa 1915. Yankho ndi 9. Kodi mwana wa zaka 9 angakhale atafika patali chotero ndi sukulu, nkuyenda ulendo wotere? Tsono chotsani 1898 pa 1915. Yankho ndi 17. Apa zikumveka. Mwaona kuti chaka chosalembedwa chikhoza kupezeka poyerekeza ndi zinthu zina zodziwika. Njira yomweyi ndiyo mugwiritse ntchito pa banja lanu.

YAMBANI NDI AMOYO

Pezani kope latsopano ndi pensulo. Pensulo njabwino chifukwa mudzafufuta kawirikawiri. Kope limeneli lisakhale lolembamo ngongole kapena mitengo ya feteleza. Pachikuto lembani dzina lanu, mudzi wanu, mfumu yaikulu ndi boma.

Tsamba loyamba likhale lanu. Lembani maina anu onse, kumene mudabadwira, akazi kapena amuna anu, ndi ana anu motsatana, pamodzi ndi amene adamwalira. Tsamba lachiwiri likhale la amayi anu, lachitatu la atate anu. Munthu aliyense akhale ndi tsamba lake. Siyani mpata, chifukwa mudzaonjezera zina.

Mukatero pitani kwa okalamba. Yambani ndi wamkulu koposa onse, kapena amene thupi likumuvuta. Mapepala akhoza kudikira chaka chamawa, koma munthu wa zaka 85 sitingamudikiritse. Musaiwale amayi okalamba. Iwo ndiwo adaona ana akubadwa, ndipo amakumbukira kuti wakuti adapondana ndi wakuti. Funsaninso amalume, azakhali, ankhoswe, ndi okalamba a mudzi woyandikana amene adakula pamodzi ndi makolo anu.

Pitani nthawi yabwino. Nyengo yothyola ndi kusoka fodya anthu alibe mpata. Dikirani chilimwe, ntchito zitachepa. Tengani kamchere kapena kasopo. Khalani pansi, perekani moni, ndipo fotokozani bwino cholinga chanu. Mukangotulutsa kope osafotokoza, ena adzaganiza kuti mukulemba maina a chithandizo, ena adzati mukufuna kulanda munda. Nenani kuti, "Agogo, ndabwera kuti mundiphunzitse za makolo athu, kuti adzukulu anu asadzasochere."

Mafunso oyambira ndi awa:

1. Dzina lanu la paubwana linali ndani? Adakutchani ndani?
2. Amayi anu ndi atate anu anali ndani? Mfunda wawo unali chiyani?
3. M'mimba mwa amayi anu mudabadwa angati? Woyamba ndani, womutsata ndani?
4. Mudabadwira mudzi uti, kwa mfumu yaikulu iti?
5. Mudzi uno usanabwere pano unali kuti? Chidausamutsa nchiyani?
6. Atate anu adabwera chikamwini, kapena amayi anu adapita chitengwa?
7. Ndani wa m'banja lino adapita kunja osabwerera?
8. Makolo athu adaikidwa manda ati?

Pofunsa musaike yankho m'kamwa mwa munthu. Musanene kuti, "Paja tidachokera ku Dowa eti?" Wokalamba akhoza kungovomera kuti akusangalatseni. Nenani kuti, "Tidachokera kuti?" Akayamba kufotokoza musawadule mawu, ngakhale nkhani ikhotere kwina. Nthawi zambiri dzina lofunika limatulukira m'nkhani ya nkhuku kapena ya mowa. Akatopa, lekezani pomwepo. Mudzabwerenso. Ngati pakhomo pali foni yojambula mawu, pemphani chilolezo, jambulani, ndipo madzulo mulembe m'kope. Foni imatayika, imaonongeka. Musadalire iyo yokha.

Pansi pa tsamba lembani dzina la amene wakuuzani ndi tsiku limene mwacheza naye.

MAINA AMASOCHERETSA

Munthu mmodzi akhoza kukhala ndi maina anayi kapena asanu. Pali dzina la paubwana. Pali dzina la kuchinamwali. Pali dzina la ubatizo. Pali dzina limene adadzitcha kuntchito, poopa kuti mzungu alephera kutchula lenileni. Palinso dzina loitanira, monga Nabanda, Naphiri kapena Nambewe. Lembani onse pa tsamba limodzi. Mukapanda kutero mudzayesa kuti ndi anthu atatu, chikhalirecho ndi mmodzi.

Vuto lina ndi lakuti anthu angapo amakhala ndi dzina limodzi. Wolowa ufumu amalowanso dzina. Wokalamba akati, "Mudzi uno adausamutsa ndi amfumu," funsani kuti, "Amfumu ake ati? Dzina lawo asanalowe ufumu linali ndani? Adalowa m'malo mwa yani?"

Chenjeraninso ndi mawu a chibale. Kwathu kuno mng'ono wa amayi ndi amayi, mkulu wa atate ndi atate, ndipo ana awo ndi abale athu. Pa ulemu nzoona ndithu. Koma polemba funsani kuti, "Adawabereka ndani?" Lembani mayi wobereka ndi bambo wobereka, ndipo ngati mwanayo adaleredwa ndi wina, lembaninso.

Maina ena amanena za nthawi imene mwana adabadwa. Mukamva dzina ngati Maliro, Mavuto kapena Nkhondo, funsani chimene chidachitika pakhomopo.

Maina a malo nawonso adasintha. Pa mapepala akale mudzapeza Fort Alston, ndiye Kasungu. Kota Kota ndi Nkhotakota. Fort Manning ndi Mchinji. Fort Jameson ndi Chipata. Broken Hill ndi Kabwe. Salisbury ndi Harare, Hartley ndi Chegutu, ndipo Wankie ndi Hwange. Polemba mudzi, nthawi zonse onjezerani mfumu yaikulu, monga kwa Wimbe, kwa Chilowamatambe, kwa Kapelula kapena kwa Kaomba, pakuti midzi yambiri imafanana maina.

KUPEZA CHAKA

Okalamba sasunga manambala a zaka, koma amasunga zochitika. Mndandanda uwu ukuthandizani. Ukopereni kumapeto kwa kope lanu.

1895: kumapeto kwa chaka, asilikali a atsamunda adagonjetsa Mwase Kasungu.
1914 mpaka 1918: nkhondo yoyamba ya dziko lonse, nthawi ya amtengatenga.
1915: nkhondo ya John Chilembwe.
1918 ndi 1919: mliri wa fuluwenza.
1939 mpaka 1945: nkhondo yachiwiri. Asilikali a K.A.R., amene akuluakulu amati Keyala, adakafika ku Ethiopia ndi ku Burma.
1949: njala yaikulu, imene idavuta koposa m'chigawo cha kumwera.
1953 mpaka 1963: Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland.
1958: Kamuzu adabwerera kumudzi pa 6 July.
1959: anthu ambiri adamangidwa kuyambira pa 3 March.
1964: ufulu wodzilamulira, pa 6 July.
1971: ndalama zidasintha, mapaundi ndi mashilingi adatha, kudabwera kwacha ndi tambala.
1974: ndege ya Wenela idagwa ku Francistown, ndipo Amalawi oposa 70 adafa.
1981: Kamuzu Academy idatsegulidwa kuno ku Mtunthama.
1992: chilala.
1993: riferendamu, pa 14 June.
1994: chisankho cha zipani zambiri, pa 17 May.
2002: njala imene ambirife tikuikumbukira.

Tiyese. Agogo akuti, "Pa njala ya 1949 ija ndinali nditangotha msinkhu." Mtsikana amatha msinkhu ali ndi zaka 13, 14 kapena 15. Tengani 14. Chotsani 14 pa 1949. Yankho ndi 1935. Lembani kuti adabadwa cha m'ma 1935. Mawu akuti "cha m'ma" musawasiye, chifukwa akusonyeza kuti mwangoyerekeza.

Tiyesenso. Amayi akuti, "Mwana wanga woyamba ndidamubereka chaka chimene ndalama zidasintha." Ameneyo ndi wa 1971. Ngati ana ankatalikirana zaka ziwiri kapena zitatu, wachiwiri ndi wa cha m'ma 1973 kapena 1974.

Wokalamba akangoti "pa njala ija," funsani kuti njala yake iti. Pa nthawiyo DC anali mzungu? Anthu ankagula ndi mashilingi kapena matambala? Njira ina ndi kufunsa anzake a msinkhu umodzi. Adavinidwa pamodzi ndi yani? Adayamba kukhoma msonkho pamodzi ndi yani? Ngati mnzakeyo ali ndi pepala la chaka chobadwa, inunso mwathandizika.

MAPEPALA A M'NYUMBA

Musananyamuke ulendo wakutali, yambani mwafufuza m'nyumba. Pemphani eni ake atsegule sutikesi yakale, chitini, kapena Baibulo ndi buku la nyimbo, pakuti ambiri ankalemba maina a ana pa tsamba loyamba. Funani zinthu izi: kalata ya ubatizo, kalata ya ukwati, kadi ya sikelo ya mwana, malisiti a msonkho, makadi a chipani, buku la ku positi ofesi losungira ndalama, kadi ya kalabu ya alimi, mapepala ogulitsira fodya, mapepala a ku migodi, makalata ochokera kunja, ndi zithunzi.

Pepala lililonse lili ndi chonena. Lisiti ya msonkho ikusonyeza kuti chaka chakuti munthuyo anali moyo, anali wamkulu, ndipo ankalembedwa m'mudzi wakuti. Envulopu ya kalata musaitaye. Chidindo cha positi ofesi chimasonyeza tauni ndi tsiku, ndipo kumbuyo kwake kumakhala keyala. Chithunzi chitengereni kwa wokalamba akuuzeni maina a onse amene alipo, ndipo muwalembe kumbuyo ndi pensulo.

Mapepala a eni musawatenge. Koperani m'kope lanu monga momwe alembedwera, kapena ajambuleni ndi foni, nkuwabweza pomwepo. Mukasowetsa pepala la munthu mmodzi, mudzi wonse udzakutsekerani masutikesi.

KUMPINGO, KWA MFUMU NDI KUMANDA

Mipingo ndiyo idayamba kulemba maina a anthu wamba. Mishoni ya Livingstonia idatsegula ntchito yake ku Kasungu mu 1900, motsogozedwa ndi Dr. George Prentice. M'zaka za m'ma 1920 ntchitoyo idaperekedwa ku mishoni ya Nkhoma. Choncho ngati makolo anu anali a C.C.A.P., yambani kufunsa pa mpingo wanu, kenaka ku Chilanga. Akatolika afunse ku parishi kumene munthuyo adabatizidwira, monga ku Chiphaso. A Anglican ndi a mipingo ina afunse abusa kapena ansembe awo. M'kaundula wa ubatizo ndi wa maukwati mumapezeka dzina la munthu, mudzi wake, tsiku, ndipo kawirikawiri maina a makolo kapena a mboni.

Popita kumeneko tengani maina onse a munthuyo, mudzi wake, ndi zaka zimene mukuganizira. Mlembi wa mpingo sangafufuze mabuku a zaka 100 chifukwa cha dzina limodzi lokha. Kumbukiraninso kuti tsiku la ubatizo si tsiku lobadwa. Kale ambiri ankabatizidwa ali akuluakulu, atatsiriza kalasi.

Kwa mfumu pitani mwaulemu monga mwa mwambo. Mfumu ndi nduna zake amadziwa mabanja amene adayamba kufika, amene adabwera pambuyo, ndi malire a minda. Mafumu ambiri amasunganso kaundula wa anthu a m'mudzi.

Kumanda musapite nokha. Manda ali ndi eni ake ndi miyambo yake. Pemphani kwa mfumu, ndipo mupite ndi amene yakupatsani. Pa ziliza pamalembedwa zaka. Chaka chomwalira nthawi zambiri chimakhala choona, koma chaka chobadwa achibale amangoganizira. Pamaliro si polembera mbiri. Koma onani alendo amene abwera, funsani kuti ndi abale otani, ndipo mudzawayendere pambuyo pake. Pomanga chiliza ndiye pabwino, pakuti abale akutali amasonkhana ndipo mitima imakhala itakhazikika.

OBWERA NDI FODYA, OPITA KUNJA

Si onse a dera lino amene makolo awo adabadwira kuno. M'zaka za m'ma 1970 maesiteti a fodya adachuluka m'boma la Kasungu, ena a makampani monga Press Farming ndi General Farming, ena a anthu paokha. Mabanja ambiri adabwera kudzagwira utenanti kuchokera ku Mulanje, Phalombe, Thyolo, Mangochi ndi maboma ena. Ena adakhazikika, ana awo nkukwatira konkuno. Ngati inu muli mmodzi wa iwo, ntchitoyi njofulumira kwambiri. Funsani makolo anu mudzi wa kwawo, mfumu yaikulu, dzina la mwinimbumba, esiteti imene adafikira, ndi chaka. Mwana wobadwira pa esiteti amene sadziwa mudzi wa amayi ake amasowa kolowera ntchito ikatha.

Mabanja enanso adasamutsidwa kumadzulo kwa boma lino. Dera limene lero ndi Kasungu National Park kale munali midzi. Anthu adachotsedwamo m'zaka za m'ma 1920 chifukwa cha matenda a kaodzera, ndipo malowo adasanduka paki mu 1970. Palinso mabanja amene abale awo ali ku Lundazi ndi ku Chipata m'dziko la Zambia, pakuti malire a maiko adadutsa pakati pa anthu amodzi.

Tsono za amene adapita kunja. Amuna ambiri a ku Kasungu adapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, imene pambuyo pake idatchedwa TEBA. Ena adapita ku mapulazi ndi migodi ya ku Southern Rhodesia kudzera ku Mthandizi, ena paokha wapansi. Amene sadabwerere timawatcha matchona. Pofufuza mtchona funsani zinthu zinayi. Adapita chaka chiti? Adapita ndi yani? Kalata yomaliza idachokera kuti? Kumeneko ankadziwika ndi dzina liti? Amene adapita naye nabwerako, kapena ana awo, ndiwo oyamba kuwafunsa. Ngati mwapeza pepala la ku mgodi, koperani dzina la mgodi ndi nambala yake ya ntchito. Masiku ano achinyamata athu ambiri ali ku South Africa, ndipo timayankhula nawo pa WhatsApp. Atumizireni maina amenewa. Mipingo ya Amalawi ku Harare, ku Bulawayo ndi ku Johannesburg ndi malo abwino ofunsirako.

KU ZOMBA NDI M'MABUKU

Ku Zomba kuli nyumba yosungiramo mapepala akale a boma, yotchedwa National Archives. Idayamba mu 1947. Kumeneko kuli mabuku amene ma DC a atsamunda ankalembamo za mafumu, midzi ndi msonkho, ndiponso mapepala ena a mishoni ya Livingstonia. Mapepala ambiri a boma a zaka zoyambirira adapsa pamene ofesi yaikulu ya boma ku Zomba idayaka moto mu 1919.

Musayembekeze kukapezako dzina la agogo anu, pokhapokha ngati anali mfumu, mphunzitsi, msilikali kapena anali ndi mlandu waukulu. Chimene mungapeze ndi mbiri ya mudzi ndi ya ufumu wa kwanu. Zambiri zili m'Chingerezi, ndiye pafunika wina wokuwerengerani. Zomba nkutali. Musanaononge ndalama ya ulendo, lembani kalata kapena tumani wachibale amene ali pafupi akafunse. Dziwaninso kuti DC ankalemba zimene womasulira wamuuza, ndipo nthawi zina ankalakwitsa.

Pali buku la m'Chichewa lotchedwa Mbiri ya Achewa. Adalemba ndi Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, m'zaka za m'ma 1940. Iye adachita zomwe ndikukuuzanizi: adafunsa okalamba nalemba. Katswiri wina wa mbiri, Kings Phiri, adayendanso m'midzi ya chigawo chapakati kufunsa akuluakulu, natsiriza kulemba za mbiri ya Achewa mu 1975. Ngati anthu ophunzira chotere adakhala pamphasa kumvera okalamba, ife tichitirenji manyazi? Funsani buku la Ntara kwa aphunzitsi kapena ku laibulale. Likuthandizani kumvetsa za mafuko monga Banda, Phiri ndi Mwale. Koma za banja lanu lenileni mulibemo. Zimenezo mulemba ndinu.

KUJAMBULA MABELE

Mukasonkhanitsa maina okwanira, tsegulani pakati pa kope pamene pali masamba awiri oyang'anana. Pamwamba lembani dzina la mayi wakale koposa amene mwamupeza. Pansi pake lembani ana ake, kuyambira woyamba kumanzere mpaka chitsirizira kumanja. Dzina la mkazi lilembeni mzere kunsi. Pa dzina la womwalira ikani kamtanda. Pansi pa mwana wamkazi aliyense lembani ana ake. Mukatero mabele aoneka okha, lalikulu kumanzere, laling'ono kumanja.

Pa masamba ena chitani chimodzimodzi ndi mbali ya atate anu. Anzathu amene mwambo wawo umatsata kuchimuna, monga Atumbuka ndi Angoni a kumpoto kwa boma lino, ayambe ndi bambo wakale koposa. Koma aliyense alembe mbali zonse ziwiri.

NKHANI ZIKASIYANA

Pa mfundo iliyonse ikani chilembo chimodzi mwa zitatu izi:

P: ndaona papepala.
K: ndamva kwa munthu.
G: ndangoganizira.

Zilembo zimenezi zidzathandiza mdzukulu wanu kudziwa pamene pali polimba ndi pamene payenera kufufuzidwanso.

Mudzapeza kuti amalume akuti banja lidachokera ku Ntchisi, azakhali akuti ku Dowa. Musasankhe imene yakukomerani. Lembani zonse ziwiri, ndi dzina la wonena. Kenaka funsani wachitatu payekha, osamuuza zimene ena anena. Mwina onse awiri akunena zoona: wina akunena za kuchikazi, wina za kuchimuna, kapena banja lidakhala malo onse awiri. Ganiziraninso ngati wonenayo ali ndi chimene angapindule. Pa nkhani ya munda ndi ya ufumu, munthu amakumbukira zomukomera.

Mudzakumananso ndi nkhani zowawa. Mwina kholo lina lidabwera m'mudzi ngati kapolo nthawi ya nkhondo zakale. Mwina mwana wina bambo wake si amene anthu amamutchula. Mwina mudzi udagawikana chifukwa chonenerana ufiti. Wokalamba akakuuzani kuti, "Izi nzapakati pa iwe ndi ine," sungani pakamwa. Musalembe chinthu chimene chingachititse manyazi munthu wamoyo. Kope limeneli ndi lolumikiza abale. Mukalisandutsa chida chotukwanira ena, okalamba adzaleka kukuuzani.

KUSUNGA KOPE

Adani a kope ndi chiswe, makoswe, mvula ndi moto. Likulungeni m'pulasitiki, liikeni m'chitini chotseka bwino, pamalo okwera. Lembani kope lachiwiri lofanana nalo, mukasungitse kwa mbale wa mudzi wina. Abale akasonkhana, awerengereni mokweza. Adzakukonzani pamene mwalakwitsa, ndipo wina adzakumbukira dzina limene lidasowa. Mwana akabadwa, lembani tsiku lomwelo, ndipo mukamulembetse kuti alandire chiphaso chake. Munthu akamwalira, lembaninso.

Musadandaule kuti zilembo zanu nzokhotakhota. Mdzukulu wanu sadzayang'ana kukongola kwa zilembo. Adzafuna dzina, mudzi ndi chaka.

MAFUNSO OKAMBIRANA PA GULU

1. Nchifukwa chiyani tiyenera kuyamba ndi okalamba tisanapite ku mapepala?
2. Tchulani mitundu inayi ya maina amene munthu mmodzi angakhale nawo.
3. Bambo wina adabadwa chaka chimene Kamuzu adabwerera kumudzi. Anali ndi zaka zingati pamene Kamuzu Academy idatsegulidwa?
4. Kodi tsiku la ubatizo ndi lofanana ndi tsiku lobadwa? Fotokozani.
5. Anthu awiri akakuuzani zosiyana, muchite chiyani?
6. Ndi zochitika ziti za m'mudzi mwanu zimene mungaonjezere pa mndandanda wa zaka?

ZOCHITA SABATA INO

Pezani kope ndi pensulo. Lembani tsamba lanu, la amayi anu ndi la atate anu. Lembani maina a okalamba atatu amene mukufuna kucheza nawo, ndipo muyambe ndi wamkulu koposa. Pitani kwa iye sabata isanathe. Tsiku lokumana gulu, bwerani ndi kope lanu kuti aliyense awerengere anzake dzina limodzi la kholo limene sankalidziwa.